Ukhale Pampando, Umange Lamba

Pakhonde la a Tembo atelala,
Fort Jameson,
Lachinayi masana.

Yotamu mwana wanga,

Ndine bambo ako, Zakeyu. Ndayamba ndi kudzitchula dzina chifukwa zolemba zanga sunaziwonepo chikulire, ndiponso kunyumba kumene ukukhalako dzina limeneli silimveka kawirikawiri. Ndili moyo. Mwendo ukuvuta, koma wandifikitsa kuno kuchokera ku Chipangali ndi matope omwe.

Zoti mawa ukukwera ndege sindinazimve kwa iwe, kapena kwa amalume ako a Simioni. Ndinazimva kwa munthu wogula nkhuku pa njinga. Anandifunsa ngati ndimamudziwa mnyamata wa kwa aphunzitsi a Simioni amene Boma lamusankha kukaphunzira za chipatala kumwera. Anati msewu wa ku Lusaka madzi audula, ndiye amukweza ndege kuti akapeze sitima, sukulu ingatsegulidwe iye ali kuno. Ndinayankha kuti ndimamudziwa pang'ono. Munthuyo anapitiriza kukutama, nati aphunzitsi aja anabereka mwana. Ndinamugulitsa tambala, ndi kumusiya apite.

Lero m'mawa ndakuwona. Unali m'sitolo ya Mmwenye moyang'anana ndi pano, amalume ako akukusankhira chipewa. Anakuveka chimodzi, nabwerera m'mbuyo kuti awone bwino, nachichotsa, nakuveka china, iwe utangoima ukuseka. Wakula. Mapewawo ndi anga, ngakhale anthu azinena kuti unatengera kuchikazi. A Tembo anandigunda ndi chigongono, nati ndiwoloke msewu ndikakupatse moni. Ndinakana. Buluku langa linali matope mpaka m'mawondo, ndipo sindinafune kuti amalume ako ayambe kundilankhula mwachifundo pamaso pako, monga amachitira ndi odwala. Ndamva kuti madzulo ano kwawoko kuli tiyi wotsazikana, ndi abusa omwe. Akazi awo a Tembo akukathandiza kuphika, ndiwo akupatse kalatayi m'manja. Ine sanandiitane. Sindikudandaula, ndikungokuuza.

Mwambo ndimaudziwa. Amayi ako atamwalira, akwanu anandisudzula, nandiperekeza kwathu ndi khasu langa ndi mphasa, iwe ndi alongo ako kutsala ndi mwini mbumba. Inenso ndinakulira kwa amalume anga, sindingatsutse. Koma ndikamadutsa m'midzi ya Angoni ndi kuwona nkhalamba yopanda ndi dzino limodzi itakhala pakati pa ana ake chifukwa inapereka ng'ombe, ndimayang'ana kumbali. Amalume ako anakulera bwino, aliyense akutero. Amandiposa Chingerezi, amandiposa nyumba, amandiposa mawu m'tchalitchi. Madzulo ano akulangiza pamaso pa anthu, ndipo anthu awomba m'manja. Za sukulu uwamvere. Za sitima uwamvere, anakwerapo. Koma akafika pa za ndege, ukumbukire kuti pa mbumba yonse ya kwanu ndi ya kwathu amene analowamo ndine ndekha, ndipo nkhope yanga ikuchitira umboni.

Unali usanayambe sukulu nthawi imeneyo, nkhondo yapitayi isanayambe. Ndinali khukhi wa mzungu wa fodya ku Chiparamba. Dzina lake ndilisiya, anafa kale. Anagwa kuchokera pamwamba m'balani, nyumba yowumitsira fodya, nathyoka m'chiuno, ndipo dokotala wa pa Boma anati pano sizitheka, apite ku Halale pa ndege. Analibe mkazi. Anati Zakeyu apite nawo, azikandigwirira beseni ndi kundimwetsa madzi. Ine pokhala mkamwini sindikananyamuka osatsazika eni mudzi, choncho ndinapita kwa amalume ako. Ndinawafunsanso, poti ndiwo odziwa makhalidwe a azungu, kuti m'chinthu chimenechi munthu amakhala bwanji. Anavula magalasi, nawapukuta, nati: "Alamu, musakatichititse manyazi. Mpando wa mzungu ndi wa mzungu. Inu mukapeze malo pansi, kumapazi kwa bwana wanu, monga muchitira pakhonde."

Pabwalo la ndege anandikweza pa sikelo ngati belo la fodya. Iwenso akukweza, usakwiye, amakweza ndi azungu omwe. Ndegeyo inali yaing'ono, mipando mbali iyi ndi mbali iyo, kanjira pakati. Mbali imodzi anachotsako mipando kuti machira a bwana alowe, nawamanga ndi malamba. Dona wa chipatala amene ankatiperekeza anakhala pampando wake. Panatsala mpando wina wopanda munthu. Woyendetsa ndege, kamnyamata kofiira nkhope, anandilozera mpandowo, nandiwonetsa lamba, nayerekeza m'chiuno mwake mmene amamangira. Ndinamva zonse. Ndinawomba m'manja kuthokoza, ndipo iye atangotembenuka kulowa kutsogolo, ine ndinakhala pansi m'kanjira, beseni pamiyendo. Dona uja anali kalikiliki ndi bwana amene ankabuula, za ine analibe nazo nthawi.

Ponyamuka ndege imathamanga kuposa chilichonse chimene unakwerapo, kenaka imadzutsa mphuno. Itatero ndinatsetsereka ndi matako mpaka kumchira, beseni likulira pambuyo panga. Ndinabwerera chokwawa. Mpando uja unali pomwepo, pafupi ndi phewa langa, lamba akulendewera. Ndinauyang'ana ulendo wonse. Ndikati ndidzuke ndikhalepo, ndinkamva mawu a munthu wophunzira akuti tisachite manyazi, ndipo ine wa Sitandade Thu ndinali ndani kuti nditsutse?

Tikufika ku Halale phokoso linachepa. Ndinati basi, zatha. Ndinagwada kuti ndimufunditse bwana bulangete, anthu akatsegula chitseko amupeze waulemu. Pomwepo mawilo anagunda pansi, ndege inadumpha, nigundanso. Ndinapita kutsogolo ngati thumba, pakamwa pa chitsulo cha mpando womwe uja. Mano anga akutsogolo anatsala m'menemo, ndipo fupa la paphewa linathyoka. Bwana, womangidwa pa machira, sanamve kanthu. Dona, womangidwa pampando, chinapendekeka ndi chipewa chokha. Kamnyamata koyendetsa kaja kanandikalipira mawu amene sindingawalembe. Amene ndinapita kukamudwazika anamunyamula kupita chipatala cha azungu, ine kundinyamula kupita cha anthu akuda.

Ndiye tamvera, Yotamu. Akakulozera mpando, ukhalepo. Ukhale ndi matako onse, msana ugunde kumbuyo, osati kunsonga monga umakhalira pamaso pa abusa. Umange lamba m'chiuno, ukoke mpaka umve kuti wakugwira. Ukalephera kumanga ufunse, ngakhale akuseke. Ndikudziwa mmene anakulerera. Ndinakuwonapo kusukulu kwa amalume ako, mzungu woyendera masukulu atangotulukira pakhomo, iwe unadzuka msanga mpaka benchi kugwa. Pansi pano zimenezo ndi zabwino, zakufikitsa pomwe wafikapa. M'ndege ayi. Kaya aimirire pafupi nawe ndi bwana wamkulu wa Boma, kaya ndi dona wa imvi, usadzuke kumupatsa malo. Aliyense amene amulowetsa m'menemo ali ndi mpando wake. Akakuika kumbuyo kwenikweni chifukwa cha khungu lako, ukhale komweko, nawonso uli ndi lamba. Kukwiya udzakwiye utatsika.

Sindikudziwa ngati ndege za masiku ano zili monga ija. Ndimaziwona zikudutsa, zazikulupo ndi zonyezimira. Mwina m'katimo muli zina zimene ine sindinaziwone. Zimenezo akakuuza eni ake, uchite monga akunenera, nthawi yomweyo, osayamba waganiza kuti kodi kwathu akanati chiyani. Koma nthaka sinasinthe kulimba kwake.

Nditabwerako, ukudziwa chimene ndinataya? Si ntchito, ngakhale nayo inatha, poti dzanja silinkanyamulanso mphika waukulu. Ndinali wowerenga mawu m'tchalitchi cha kwanu. Sukulu yanga inali yochepa, koma mawu ndinali nawo, ankamveka mpaka kumanda kuseri. Amayi ako ankati anandikondera zimenezo. Lamulungu loyamba nditachira ndinaimirira ndi buku monga kale. Mphepo inayamba kuthawira pampata wa mano, ndikamawerenga kumamveka likhweru. Ana akutsogolo anagwirana pakamwa, kenaka anaphulika, ndi amayi ena omwe. Amalume ako anadzuka, nabwera mwakachetechete, nagwira buku lija. "Alamu, tapumulani, ndikuwerengereni lero." Lero limenelo silinathe mpaka pano. Amayi ako anaweramitsa mutu, ndipo pobwerera kunyumba anayenda ndi mlongo wawo.

Nkhani ya ndegeyi ndikudziwa kuti unaimvapo, chifukwa amalume ako amaikamba pa maukwati. Amaikamba bwino, amayerekeza ndi kutsetsereka komwe, anthu mpaka misozi. Amangosiyako pamene panali magalasi ndi malangizo awo aja. Tsiku lina ndinawakumbutsa, awiriwiri. Anandiyang'ana modabwa, nati sakukumbukira kuti ananenapo zotero, ndipo ngati ananena ndiye kuti ankafuna kunditeteza, chifukwa masiku amenewo munthu ankamenyedwa pa nkhani ya mpando. Mwina nzowona. Sindikuti ndi munthu woipa. Ndikuti iwo mano ali nawo onse. Chimene ndimafuna kudziwa, ndikakhala ndekha kumunda, nchakuti pamene ankakamba iwe unali pamenepo, ndipo kodi unaseka? Usandiyankhe.

Potera ndiye uchenjere koposa. Phokoso likachepa ndipo m'mimba mukamamveka ngati mukugwa, si kuti mwafika. Apo ndiye pamene payambira. Ukayamba kuwona madenga ndi anthu pansi, mtima ufuna kuti ukonze jekete, utenge katundu, utsike ukuwoneka bwino ngati mwana wa aphunzitsi. Usiye. Lamba akhale chimangire, mapazi onse pansi, lilime lisakhale pakati pa mano. Mawilo akagunda usamasule, imatha kudumphanso. Ikamayenda pang'onopang'ono ngati ngolo usamasule. Azungu ena adzuka msanga, ozolowera, usawatsanzire. Udikire iime, chitsulo chozungulira chakutsogolo chileke, akuuze eni ake. Ukatsika wotsiriza palibe chimene wataya.

Za katundu. Beseni lija nditagwa linawuluka palokha nkukamenya khoma pafupi ndi mutu wa dona, ndipo likanam'peza ndikanathera kundende. Chinthu chosamangidwa m'ndege chimasanduka mwala woponyedwa. Sutikesi uwapatse aike kumene amaika. Ndamva kuti amalume ako akupatsa Baibulo lalikulu lachikuto cholimba, atalembamo dzina lawo patsamba loyamba. Ndi mphatso yabwino. Uliike m'sutikesi. Usalinyamule pamiyendo kuti azungu awone kuti ndiwe wa mishoni, ponyamuka ndi potera manja ako akhale opanda kanthu.

Madzulo ano akupakulira nkhuku ndi mpunga, ndipo mawa m'mawa akazi a amalume ako akukakamizanso kuti usapite ndi njala. Udye pang'ono. Ine tsiku lija amayi ako anandidyetsa ngati ndikupita ku Joni wapansi, ndipo beseni limene ndinatengera bwana linayamba kutumikira ine. Izi amalume ako sazidziwa, usawauze, angawonjezere pa nkhani yawo. Makutu nawo amatseka ndi kuwawa, makamaka potsika. Uzimeza malovu, kapena kutafuna kanthu. Akazi awo a Tembo akupatsa kansalu komanga pamodzi ndi kalatayi. Muli nsawawa zokazinga za m'munda mwanga, ndasenda ndekha. Uike m'thumba la jekete. Si Baibulo, koma makutu zikuthandiza.

Nthawi ya nkhondo, ndege zitachuluka, ndinagwirako ntchito pabwalo lomwelo, kutchetcha udzu ndi kugumula zulu. Ndiye ndinawona mmene mphepo ya chitsulo chakutsogolo chija imachitira ndi zipewa. Mesenjala wina wa Boma, atabweretsa thumba la makalata, chipewa chake chinawuluka nkugubuduka kulowera kumphuno kwa ndege. Iye poopa kubwerera ku ofesi mutu uli pamtunda anachithamangira chowerama. Chitsulocho chikamazungulira sichiwoneka. Kapitawo wathu anamugwetsa ndi kumukoka mwendo, atatsala pang'ono. Chipewa chako chatsopanocho uchigwire m'manja kuyambira pampanda mpaka m'kati. Chikakupulumuka, chipite. M'sitolo muja ndawona kuti zatsala zambiri, ndipo wogula alipo.

Ndisakubisire, mwana wanga, nawenso ndikukuchitira nsanje. Si bwino bambo kutero, koma ndi mmene zilili. Ine ndinalowamo ngati chiwiya cha munthu wodwala, iwe ukulowamo akukutchula dzina. Ndipo pali china. Anthu akamandifunsa kuti dziko limawoneka bwanji kuchokera kumwamba, ndimangoti sindinaliwone. Munthu wokhala pansi m'kanjira amawona denga, miyendo ya mipando, ndi kuyera kwa pazenera basi. Ndinawoloka Zambezi osamuwona. Ndinapereka mano pa ulendo umene sindinawonepo ngakhale phiri limodzi. Iwe ukhala pazenera. Ikakhazikika m'mwamba uyang'ane bwinobwino, mapiri a pa Boma, minda ya fodya, Luangwa atadzaza. Udzandilembere zimene wawona, kalata yangayanga, yodzera kwa a Tembo. Osati moni wa kumapeto kwa kalata ya amalume ako, woti muwauzenso bambo kuti ndili bwino. Moni wotere umandipeza utazizira, ndipo amauwerenga ndi ena.

Kumene ukupitako akakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Uyankhe monga ukufunira, ine sindikamva. Ungodziwa kuti pamene unadwala chikuku uli khanda, amene anakubereka kumsana kuchokera ku Chiparamba mpaka kuchipatala, mvula ikugwa, sanali munthu wa magalasi.

Tsopano za mawa. Amalume ako, abusa ndi ana asukulu aima kumbali ya kanyumba ka malata kamene amakwezerako anthu pa sikelo. Ndamva kuti akonza ndi nyimbo. Ine kumeneko sindifikako. Ndikaima tsidya lina la bwalo, kuseri kwa waya, pamene pali mtengo wa mango umene tinkapumulirapo otchetcha udzu. Ndege ikamathamanga idutsa pakati pathu, iwo mbali iyi, ine mbali iyo.

Njira yonse kuchokera ku Chipangali ndimabwera ndi pempho limodzi. Ndimafuna ndikuuze kuti ikamadutsa pamtengopo uyang'ane kwa ine ndi kukweza dzanja, kuti pa anthu onse a pansi pano wotsiriza kumuwona ndikhale ine, osati iwo. Ndinakonza ndi mawu ake omwe. Koma ndakhala pano ndikulemba, makina a a Tembo akulira, ndipo ndawona chimene ndikanachita. Mpando sudzasankha wekha. Akakuika mbali ya kanyumba, iwe ndi ulemu wakowo, utawerenga kuti bambo ako aima pamvula tsidya linalo, umasula lamba kuti usuzumire pazenera la mnzako. Ndipo pamtengo paja ndi pomwe ndege imadzutsira mphuno. Ndikanakhala nditakupatsa malangizo onga amene anandipatsa ine.

Choncho pempholo ndalibweza. Ukakhala mbali ya mtengo, undiwona osadzuka, ndavala jekete lakhaki. Ukakhala mbali inayo, uwone amalume ako, uwakwezere dzanja, asangalale, adzakambe pa maukwati. Usandifunefune. Usapotoze ndi khosi lomwe. Zindiwawa, ndipo ndikafika kwathu ndidzakhala ndikuganiza kuti ngakhale mpando unawasankha iwo, koma zimenezo ndi zanga, ndazolowera. Iwe ukafike ku Lusaka ndi pakamwa pathunthu.

Ndiima pomwepo mpaka phokoso lithe, kenaka ndiyamba ulendo. Chimanga ndachisiya chikufuna kupalira kachiwiri.

Mulungu amene anandisiyira moyo tsiku lija akugwire iwe bwinopo.

Ndine bambo ako okubala,
Zakeyu.